Agogo asamangodyera msuzi

Mawu amene mayi wina, mlimi wa mbatata ndi nkhuku, anayankhula pa msonkhano wa alimi ang'onoang'ono m'boma la Dedza

  Ndikudziwa kuti ambiri mwabwera ndi nkhani ya feteleza ndi mitengo ya mbatata ya kachewere pamtima, ndipo nkhani zimenezo tikambirana ndithu. Koma ine ndapempha kuti ndiyankhuleko za mbale imodzi ya pakhomo pathu, mbale ya agogo.

Ndiyambe ndi zimene zinandionekera ine mwini. Apongozi anga anakalambira m'manja mwanga. Chaka china mwezi wa Juni, kuzizira kwathu kuja kutafika pachimake, anaterereka potuluka m'nyumba m'mawa nagwa pakhonde. Tinawatengera kuchipatala, ndipo ine ndinakhala kumeneko masabata atatu kuwadikirira. M'mawa ndinkawaphikira phala, masana ndi madzulo nsima ya kabichi. Tsiku lina namwino anawakweza pasikelo, nawagwira mkono pamwamba pa chigongono, kenako anandiyang'ana n'kundifunsa kuti, "Mayi, kodi kwanu mulibe nkhuku?" Ndinati zilipo, zoposa khumi. Iye anati, "Nanga mazira amadya ndani?"

Ndinasowa choyankha. Mazira tinkagulitsa kuti tipeze ya mchere ndi sopo, ena tinkasiyira nkhuku kuti zifungatire. Tikapha nkhuku, ntchafu inali ya bambo, nthutumba ya mlendo, ana ankalimbirana mapiko ndi zipalapasiro. Apongozi tinkangowathirira msuzi poti mano anawathera. Mumtima mwanga ndinkati ndikuwachitira chifundo, osadziwa kuti kwa zaka zambiri ndinkawamana chinthu chimene thupi lawo linkachisowa kuposa tonse a pakhomopo. Ndikhulupirira kuti si ine ndekha amene ndachitapo zimenezi.

Okalamba athu akusungidwa kuti?

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma lino la Dedza munali anthu 830,512. M'dziko lonse, anthu pafupifupi 5 mwa 100 aliwonse anali a zaka 60 kapena kuposerapo. Tikatengera chiwerengero chimenecho, ndiye kuti m'boma lathu lokhali muli okalamba cha m'ma 40,000. Kumayiko ena anthu otere amasungidwa m'nyumba zapadera, mmene muli ophika ophunzira ndi anamwino oyeza chakudya chawo. Kuno kwathu nyumba zotero n'zochepa kwambiri, monga ija ya Mai Mbambande ku Lilongwe. Okalamba ambiri amasamalidwa malo atatu: pakhomo pa mwana kapena mdzukulu wawo, kuchipatala kumene wodikirira amawaphikira pa mafuwa atatu, ndi m'manja mwa magulu a mipingo, a mizikiti ndi anthu odzipereka amene amayendera odwala m'midzi. Ena alibe n'komwe wowasamala, chifukwa mliri wa Edzi unawalanda ana n'kuwasiyira adzukulu oti alere.

Choncho tikamakamba za chakudya cha okalamba osamalidwa, sitikunena za anthu akutali. Wophika wawo ndi inu ndi ine. Zimene adye zikuchokera m'munda ndi m'khola mwathu.

Thupi lokalamba limafuna zambiri

Alangizi anatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zamasamba, zipatso, zamafuta ndi zochokera ku nyama. Phunziro limeneli timalimva kawirikawiri kusikelo ya ana ndi ya amayi oyembekezera, moti ambiri tinafika poganiza kuti zakudya zomanga thupi n'za ana okha. Timati agogo anakula kale, amanganso thupi lanji?

Apa m'pamene timalakwira. Thupi la munthu lili ngati nyumba ya dothi, imene imafuna kumatidwa ndi kuziridwa nthawi zonse. Madokotala amati munthu akapitirira zaka 30 minofu yake imayamba kuchepa pang'onopang'ono, ndipo akadutsa zaka 60 imachepa mofulumira. Chovuta china n'chakuti thupi lokalamba silichedwa kutaya mnofu koma limachedwa kuubweza. Dzira limene mnyamata wadya limagwira ntchito yambiri m'thupi mwake kusiyana ndi dzira lomwelo m'thupi la agogo. N'chifukwa chake mu 2013 gulu la akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana linalangiza kuti wokalamba azidya mapuloteni, ndiye kuti chakudya chomanga thupi chija, okwana galamu 1 mpaka 1.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse, pamene muyeso wa munthu wamkulu wamba ndi galamu 0.8. Wokalamba amene akudwala amafuna ochulukirapo, kufika 1.5.

Mnofu ukatha m'miyendo, agogo amavutika kudzuka pamphasa. Akavutika kudzuka amasiya kuyenda, akasiya kuyenda njala imawathawa, ndipo akadya pang'ono mnofu umapitirira kutha. Mapeto ake ndi kugwa, kuthyoka fupa, kugona pansi miyezi, zilonda za pamsana zosapola, ndi chibayo chimene chimatitengera okalamba ambiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Ife timangoti ndi ukalamba. Ukalamba ulipodi, koma mbali ina ndi njala yobisika, njala ya munthu amene m'mimba mwake mwadzadza nsima.

Palinso vitamini wina wotchedwa B12. Ameneyu sapezeka m'chimanga, m'nyemba kapena m'masamba. Amapezeka m'nyama, m'chiwindi, m'nsomba, m'mazira ndi mumkaka, ndipo mimba ya munthu wokalamba imavutika kumutenga m'chakudya. Akasowa m'thupi magazi amachepa, mapazi ndi manja amachita dzanzi, munthu amayenda modzandira ndipo amatha kuyamba kuiwalaiwala kapena kusokonezeka mutu. Sindikunena kuti kuiwala konse kwa okalamba kumachokera pamenepa ayi, alipo matenda ena a ubongo amene chakudya sichingachize. Koma mukudziwa dzina limene timapatsa gogo wowonda, woyankhula yekha, wosochera usiku. Timamutcha mfiti. Mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa ku Neno powaganizira ufiti. Tisanaloze munthu chala, tiyambe tamutengera kuchipatala, ndipo tiyang'ane m'mbale mwake.

Tiwerengere limodzi

Ife alimi timadziwa kuwerengera matumba a feteleza pa ekala. Tiyeni tiwerengerenso chimodzimodzi mbale ya agogo. Tinene kuti agogo akulemera makilogalamu 50. Ndiye kuti pa tsiku akufunika mapuloteni okwana magalamu 50 mpaka 60.

Tinenenso kuti phala la m'mawa ndi nsima ya kawiri zatenga ufa wokwana magalamu 250, pakuti okalamba sadya mitanda yambiri. Ufa umenewo uwapatsa magalamu pafupifupi 20, ndiponso mapuloteni a chimanga ndi operewera zina zofunika pomanga mnofu. Mbatata yathu ya kachewere, ngakhale imatipatsa ndalama ndi kutikhutitsa, ili ndi magalamu 2 okha pa magalamu 100 aliwonse. Kabichi ndi mpiru n'zabwino poteteza thupi, koma pa nkhani iyi zimangothandiza pang'ono. Mwaona kuti gogo wodya nsima ya masamba tsiku ndi tsiku sakufika ndi theka lomwe.

Tsono tiwonjezere. Kapu imodzi ya nyemba zophika ipereka magalamu cha m'ma 15. Dzira limodzi lipereka 6. Kapu ya mkaka ipereka 8. Masipuni awiri odzadza bwino a usipa wouma wosinja apereka oposa 10, chifukwa kuposa theka la kulemera kwa nsomba youma ndi mapuloteni okhaokha. Tikaphatikiza zonse ndi nsima ija tafika pa 60. Sitinaphe mbuzi, sitinapite kubutchala.

Wina afunsa kuti, bwanji osangowapatsa nyemba, soya ndi mtedza, poti izi timalima tokha? Zimenezi ziperekedwe ndithu, ndipo nsinjiro zisasowe m'phala ndi m'ndiwo zawo. Koma mimba ya wokalamba ndi yaing'ono, ndipo ambiri nyemba zikachuluka zimawatupitsa m'mimba. Ubwino wa zochokera ku nyama n'ngwakuti m'kachinthu kakang'ono muli zambiri. Dzira limalowa ngakhale mwa munthu amene chakudya sichikumukomera. Tinsomba tating'ono timadyedwa ndi minga yomwe, ndipo mingayo imalimbitsa mafupa.

Mano akatha, mtondo ulipo

Chifukwa chimene timamanira okalamba nyama kawirikawiri ndi mano. Koma mwana wa miyezi isanu ndi iwiri nayenso alibe mano, ndipo timapeza njira yomudyetsera. Nazi njira zimene ine ndinayesa ndipo zinandithandiza.

Usipa, matemba kapena bonya muzikazinge pang'ono popanda mafuta, musinje mumtondo, musefe, n'kusunga ufawo m'botolo louma lotseka bwino. Sipuni imodzi m'phala la m'mawa, ina m'ndiwo zamadzulo. Dzira mukhoza kuliswera m'phala likadali pamoto, n'kutakasa mpaka lipse. Nyama ya nkhuku, ya kalulu kapena ya nkhunda muiphike mpaka ichoke yokha kufupa, muinyenyenyenye kapena kuisinja, n'kuibwezera mumsuzi. Kumbukirani kuti mphamvu ya nyama imatsalira m'mnofu. Msuzi ndi fungo, mchere ndi mafuta pang'ono chabe. Mukapha nkhuku, chiwindi chikhale cha agogo, chifukwa n'chofewa ndipo chimawonjezera magazi. Ngumbi zikatuluka ndi mvula yoyamba, muumitseko zina n'kusinja. Mbewa za pambuyo pa kukolola, kwa amene amadya, nazonso ndi nyama. Kuno ku Dedza tili Achewa, Angoni ndi Ayao, a zipembedzo zosiyanasiyana, ndipo aliyense asankhe zimene chikhulupiriro chake chimalola. Pa zonse ndatchulazi palibe amene angasowe chake.

Musadikire Khirisimasi kapena ukwati kuti agogo adye nyama yambiri tsiku limodzi. Thupi silisunga mapuloteni ngati mmene nkhokwe imasungira chimanga. Pang'ono m'mawa, pang'ono masana, pang'ono madzulo, ndiye mankhwala ake. Agogo akhale ndi mbale yawoyawo, chifukwa akamadyera pamodzi ndi adzukulu amakankhira nthuli kwa ana, iwo n'kumati ndakhuta. Wina akhale nawo pafupi pamene akudya, azicheza nawo, pakuti chakudya chodya wekha sichikoma. Ndipo musawaletse tintchito. Kusenda nyemba, kusesa pabwalo, kuyenda kukaona dimba, zimenezi n'zimene zimauza thupi kuti chakudya chija chipite ku minofu.

Pali zoyenera kusamala. Mkaka uwiritsidwe nthawi zonse, chifukwa wosawiritsa umatha kupatsira matenda a ng'ombe, kuphatikizapo chifuwa chachikulu. Amene mkaka wamadzi umawatsegula m'mimba ayese chambiko chopangidwa ndi mkaka wowiritsa. Nyama ya nkhumba ipse bwinobwino ndipo mafuta ake achotsedwe. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi muwachepetsere mchere. Ndipo ngati achipatala anapeza kuti agogo ali ndi matenda a impso, musawonjezere zakudya zimenezi musanafunse dokotala, chifukwa kwa iwo muyeso wake ndi wina.

Nanga ndalama?

Ndikuona abambo ena kumbuyoko akupukusa mitu. Akuti, mayi inu, mbuzi ndi banki yathu, nkhuku ndi fizi ya mwana. N'zoona. Amene tinaona njala ya 2002 tikukumbuka mmene tinkagulitsira ziweto pa mtengo wozizira kuti tipeze chimanga cha tsiku limodzi. Palibe amene akukuuzani kuti muthe khola.

Chimene ndikupempha n'chaching'ono. Nkhuku yathu yachikuda imaikira mazira 10 mpaka 15 isanayambe kufungatira, ndipo tonse tikudziwa kuti si onse amene amaswa, ena amangosukuluka. Kuchotsapo atatu kapena anayi sikuchepetsa khola. Amene muli ndi ng'ombe za mkaka, chigubu chisananyamuke kupita kumalo ogulitsira, kapu imodzi itsale pakhomo. Akalulu amaswa pakangotha mwezi umodzi, amadya udzu, chisoso ndi kholowa, ndipo gogo angathe kuwaweta yekha kuseri kwa nyumba. Boma lathu limafika mpaka kunyanja, nsomba zimakwera kuchokera kuchigwa cha ku Golomoti ndi Mtakataka n'kufika m'misika ya pa Dedza, pa Bembeke, pa Chimbiya ndi pa Linthipe. Tsiku logulitsa mbatata, mulu umodzi wa usipa ukhale wa botolo la agogo.

Tsono muyerekeze ndi mtengo wa kugwa kwa apongozi anga. Galimoto yopita kuchipatala, masabata atatu ine kulibe pakhomo, dimba losathiriridwa, nkhuku ziwiri zogulitsidwa mwachangu. Ndalama imene inapita pamenepo ikanagula mazira a chaka chathunthu.

Zimene tingachite ngati gulu

Mutu umodzi susenza denga, choncho ndikubweretsa mfundo izi kwa inu a Wapampando kuti msonkhano uno uziganizire.

Poyamba, kalabu iliyonse ilembe okalamba a m'dera lake, makamaka okhala okha ndi olera ana amasiye, mogwirizana ndi mfumu. Tsiku la msonkhano wa kalabu membala aliyense azibwera ndi dzira limodzi. Kalabu ya anthu makumi awiri isonkhanitsa mazira 20, okwanira okalamba atatu pafupifupi sabata yathunthu.

Chachiwiri, tigonjetse chitopa. Palibe dzira popanda nkhuku, ndipo chitopa chikalowa m'mudzi chimasesa makola onse. Katemera wake wotchedwa I-2 ndi wa kadontho kamodzi m'diso la nkhuku, miyezi inayi iliyonse. Botolo limodzi limakwanira nkhuku zambiri, choncho tizisonkha n'kutemera mudzi wonse tsiku limodzi, ndipo nkhuku za okalamba zitemeredwe ulere. Nkhumba nazo tizisunge m'khola, poti chigodola chilibe mankhwala.

Chachitatu, m'ndondomeko zopatsirana ziweto tisamadumphe makomo a okalamba ponena kuti sangakwanitse. Tiwapatse nkhuku, akalulu kapena nkhunda, ndipo achinyamata a m'kalabu awamangire khola.

Chachinayi, tikamakaona wodwala kuchipatala tisinthe zonyamula. M'malo mwa zakumwa za shuga, titenge mazira ndi kabotolo ka ufa wa nsomba, kuti wodikirira akhale ndi chothira m'phala.

Chachisanu chikupita kwa akuluakulu a boma ndi a khonsolo. Dziko lino lili ndi ndondomeko yoona za anthu achikulire kuyambira 2016, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza ufulu wawo. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amafikira makomo ambiri otsogozedwa ndi okalamba. Zonsezi n'zabwino, ndipo tikuthokoza. Pempho lathu n'lakuti lamulo lifike m'mbale. Alangizi a zaumoyo akamaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi azitchulanso okalamba. Wokalamba akafika kuchipatala aziyezedwa kulemera kwake ngati mmene amayezera mwana. Tsiku lolandira Mtukula Pakhomo pazikhala mlangizi wofotokoza za dzira ndi usipa. Alangizi a ziweto achuluke, ndipo katemera azipezeka pafupi. Zipatala, mipingo ndi mabungwe amene amadyetsa okalamba azigula mazira, mkaka ndi nyemba kwa magulu a alimi a m'dera lomwelo, kuti gogo adye bwino ndipo mlimi apeze msika.

Ndimalize ndi apongozi anga aja. Titabwerera kunyumba ndinayamba kuwapatsa dzira m'phala m'mawa uliwonse, ndi ufa wa usipa m'ndiwo. Masiku oyamba ankakana, amvekere, "Perekani kwa ana, ine zanga zinatha." Ndinawauza kuti anawo akufuna agogo awo oyenda, owafotokozera nthano. Sindinganame kuti anabwerera utsikana. Koma patapita miyezi ingapo anayamba kudzuka okha atagwira ndodo, kupita kuchimbudzi popanda wowanyamula, ndi kukhala padzuwa kusenda nyemba. Anakhala nafe zaka zina zinayi, ndipo anamwalira akudziwa mayina a adzukulu awo onse.

Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Iwowa ndiwo amadziwa malire a minda yathu, ndiwo anatisungira mbewu ya makolo, ndiwo amatsala ndi ana ife tikapita kumsika. Ndipo ambiri tili panofe imvi zayamba kale. Ana athu akuona mmene tikugawira ndiwo lero, ndipo adzatigawira chimodzimodzi. Madzulo ano mukafika pakhomo, musanafunse za mbuzi ngati zalowa m'khola, funsani kuti agogo adyera chiyani.